Ngaka m'chigafa

Moni nonse ana anga. Lero ndaona zodabwitsa!

M'mawa ndikulowa m'chigafa kukaona fodya, ndapeza chinthu chozungulira pansi pa mikangala yopachikapo fodya. Ndimayesa chinanazi. Ndikuti ndichitole, chapuma. Ngaka, abale anga, yamoyo!

Ndayiika m'thumba la feteleza wa makuponi lija, n'kuimbira a zanyama zakutchire.

Tikudikira, afika alamu anga a Phiri, achimwene a malemu mayi anu. Akuti: “Alamu, bamba limodzi lokha ndizuleko, ndi mankhwala a mwana. Boma liwerenga mamba?”

Ndati: “Pepani alamu, ndaimba kale. Ndipo nkhani ya ngaka ndi ya ndende.”

Achoka osatsanzika. Mawa paja anati adzandithandiza kusoka fodya.

Koma tamverani izi. A zanyama aja atafika n'kuyitulutsa m'thumba, yadzitambasula pang'onopang'ono, ndipo pamimba pake panali kamwana! Nthawi yonseyi inali itakafungatira. Zaka zanga zonsezi sindinaonepo. Ndangovula chipewa n'kuyamika Mulungu.

Nditajambula kamwanako pa foni, apita nazo zonse ziwiri kunkhalango.

Tsono ndiuzeni. Mawa ndilawirire kwa alamu ndikawaonetse chithunzi cha kamwanako, kapena ndiyambe ndawasiya mtima utsike?