A Esinati Phiri Analipo Awiri

Ndinalembera kachipatala kena ka ku Kawale pulogalamu yotumizira amayi uthenga wa pafoni wowakumbutsa tsiku la sikelo. Monga mwa ntchito yathu, ndinalembanso tesiti, kapulogalamu koona ngati mndandanda wa amayi umene watuluka ukufanana ndi umene ndinkayembekezera.

Tesitiyo inkangolephera. Anthu anali omwewo, koma amene ndamuika poyamba ankatulukira kumapeto. Njira yoyenera ndinkaidziwa: kufananiza mayi aliyense ndi nambala ya khadi lake, kaya wakhala pati pamndandanda. Koma linali Lachisanu masana, anzanga akundidikira pachiwaya. Ndinauza tesitiyo kuti izingoona ngati dzina lililonse lapezeka, basi. Inadutsa, ine n'kudziona katswiri.

Chonsecho a Esinati Phiri analipo awiri, wina wa ku Biwi, wina wa ku Kawale konkuno. Pulogalamu inkawatenga ngati munthu mmodzi, ndipo tesiti yanga yaulesiyo sinaone cholakwika. Wa ku Biwi sanalandire uthenga, mwana wake n'kuphonya katemera.

Anamwino aakulu, Mayi Nkhoma, atandifunsa, ndinakanda m'mutu.

"Ndi netiweki imeneyo, Amayi."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Netiweki yodana ndi munthu mmodzi yekha miyezi iwiri, achimwene?"

Ndinakonza mwakachetechete tsiku lomwelo, ndipo mwanayo anabayidwa mwezi wotsatira. Koma kuulula sindinaulule, ngakhale ndinaona kuti akudziwa. Mpaka lero ndikakumana nawo pamsika, Mayi Nkhoma sandifunsa za kunyumba. Amangoti, "Netiweki ili bwanji?"