Nyimbo Zopanda Mayina

Ndinazimitsa kompyuta kachitatu, n'kuiyatsanso. Chimodzimodzi. Nyimbo zonse zinandandalika, koma pamalo pa dzina la woimba panali liwu limodzi lachingerezi lotanthauza wosadziwika. Kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Ntchito yanga pa Mkanda inali yolowetsa nyimbo m'makadi a m'mafoni. Loweruka anthu a m'maesiteti a fodya ankabwera pa njinga, aliyense ndi kakadi kake m'thumba la malaya. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6. Za kompyuta ndinkangodziwa podina.

Mwa nyimbo zimenezo munali imodzi ya mkazi wanga. Asanamwalire ankaimba kwaya ku Ludzi. Aphunzitsi ena ankajambula makwaya, ndipo atasamutsidwa anandibwereka fulashi yawo yosungiramo nyimbozo tsiku limodzi lokha.

"Ya mayi a kunyumba kwanu ilimo, ija ankatsogolera," anatero. "Dzina lawo ndalilemba m'kati mwa nyimboyo. Mukatsegula lidzaoneka."

Ndinakopera zonse. Kenako ndinachita zimene ndinkachita ndi nyimbo iliyonse yolowa m'kompyuta mwanga: ndinazifinya kuti zichepe. Tonse a ntchito iyi tinkatero, kuti m'kadi yaing'ono muzilowa nyimbo zambiri. Zazikuluzo ndinafufuta. Fulashi ndinabweza, aphunzitsi anapita. Kumene anapita sindinafunse.

Chaka chinatha ndisanazitsegule. Mtima unkakana. Tsiku limene ndinalimba mtima ndi limeneli la kuzimitsa ndi kuyatsa.

Ndinachotsa pulogalamu yoimbira n'kuiikanso. Palibe. Ndinayesa ina. Palibe. Ndinaika nyimbozo m'foni, nayo inangoonetsa manambala. Ndiye ndinayamba kumvetsera imodzimodzi, masiku atatu, chitseko chili chotseka. Ndinapeza zitatu zotsogoleredwa ndi mzimayi. Mawu ake ankamveka ngati akuchokera m'chitini. Iliyonse inkakhala ngati ndi iye. Ndikabwereza, osati iye.

Lolemba ndinamanga bokosi la kompyuta pa kaliyala ya njinga ndi mphira, ulendo wa ku boma. Kumeneko kunali bambo wina wokonza makompyuta, wolankhulalankhula. Analumikiza mawaya, n'kudina apa ndi apo.

"Madala, nyimbo izi munazifinya?"

"Ee."

"Ndi kapulogalamu kaja ka ku Chipata?"

"Komweko."

Anaseka. "Inu a kumudzi, mumafinya nyimbo ngati mukudinda belo la fodya! Kameneko kamataya mayina onse. Mapulogalamu anuwa alibe mlandu. Mukuwauza kuti awerenge pepala losalemba."

"Bwezeretsani."

"Ndibwezeretse chiyani? Bweretsani zija zazikulu."

Ndinamuuza kuti kulibe. Anafunsa chimene ndinkafunira dzina limodzi chonchi. Ndinamuuza mwachidule. Kuseka kunatha.

"Pepani, madala." Anakanda mutu. "Komatu dzina n'lachiyani? Mkazi wanu yemwe, mawu ake simungawadziwe? Ndi ziti?"

Ndinaloza zitatu zija. Anaika yoyamba, n'kukweza sipika. Mzimayi anayamba yekha, kwaya inalandira. Anaika yachiwiri. Yachitatu. Nthawi yonseyi ankandiyang'ana kumaso, kudikira kuti ndigwedeze mutu.

Zaka khumi ndi zinayi ndinakhala naye nyumba imodzi. Ankaimba posesa, pochapa, posankha fodya m'chigafa. Ine ndinkamuuza kuti achepetse phokoso.

"Ndiye ndi iti, madala?"

Ndinazula mawaya. Ndinanyamula bokosi langa, n'kulimanga pa kaliyala. Anandiitana kawiri ali pakhomo. Njinga sindinakwere. Ndinangoikankha, kulowera msewu wa ku Mkanda.