Jakisoni wachiwiri amene sindinadikire

Chizindikiro choyamba chinali kutentha pansi pa chibwano, mbali ya kumanzere. Ndinakumva m'mawa wina mu 2021 ndikutsuka galimoto la abwana anga ku Jumeirah, kuno ku dziko la Aluya, kumene ndimagwira ntchito ya udalaivala. Ndinagwirapo ndi chala, ndinapeza polimba ngati mwala. Ndinakweza masiki n'kupitiriza ntchito.

Chiyambi chake ndinkachidziwa. Mkazi wanga atamwalira ndinakhala ndekha zaka zingapo, mpaka ndinadziwana ndi aNaphiri, mayi wamasiye wa mu mpingo wathu amene amalera ana pa banja lina ku Al Mankhool. Nthawi ya mliri tinkapemphera pa vidiyo, ndipo Lamulungu lililonse ndinkaona nkhope yanga pa foni, mafuta atalendewera pansi pa chibwano. Ndinkayang'ana pamenepo pamene anzanga akuimba. Titagwirizana kuti ankhoswe athu akumane pa vidiyo, ndinapita mwakachetechete ku kiliniki kukabayitsa jakisoni wosungunula mafuta.

Dokotala anandifotokozera bwinobwino kuti pamatupa, ndipo wachiwiri sabaya mpaka papite mwezi kapena kuposerapo, kutupa kutatheratu. Koma tsiku la ankhoswe linkayandikira, ndipo khosi langa linali lalikulu kuposa kale. Ndinaganiza kuti mankhwala achepa. Ndinabwerera ku kiliniki masabata awiri asanathe. Anandikana mwaulemu. Mnzanga wina wa ku ntchito anandilozera munthu amene ankabaya m'chipinda chake ku Al Quoz. Munthuyo sanandifunse kalikonse. Anangoti yalla, kutanthauza kuti tiyeni m'Chiarabu, ndikhale pampando, n'kundibaya.

Kutentha kuja kutayamba, khungu linafiira, kenako kumeza kunayamba kuwawa. Masiki ankabisa zonse, ndipo ndinkathokoza kuti alipo. Thupi litayamba kutentha ndinapemphera kuti akhale korona. Ndikulemba izi ndi manyazi: ine mkulu wa mpingo kupempha Mulungu matenda amene ankapha anthu, chifukwa choti anali matenda osavuta kuwatchula.

Amene anandigwira ndi mlonda wa pa geti, ndi kachipangizo koyezera kutentha pamphumi. Abwana anandiuza kuti ndisalowe m'nyumba, ndipite kuchipatala. Kumeneko tinakhala pa mipando yotalikirana, kudikira kuyezedwa m'mphuno. Zotsatira zinaonetsa kuti ndinalibe korona. Namwino, mtsikana wa ku Lusaka, anamva dzina langa n'kuyamba kundiyankhula m'chinenero chathu. Anandipempha kuti nditsitse masiki. Anayang'ana kanthawi.

“Batate, nindani anakulasani apa? Osanama, chifukwa dokota afunika kuziba.”

Ndinamuuza zonse, maso ali pansi. Sanaseke. Dokotala anati munali mafinya ambiri, ndipo ndikanachedwa pang'ono kutupako kukanafika pa njira yopumira. Anang'amba tsiku lomwelo n'kusiyamo kapaipi kotulutsa mafinya.

Ndinagona m'wodi pafupifupi sabata. Odzazonda odwala sankaloledwa. M'mawa ankayeza kutentha ndi kuthamanga kwa magazi, kusintha diripu ya mankhwala, kenako kutsuka bala, ndipo kutsukako kunkawawa kuposa china chilichonse. Chakudya chinali chofewa chokhachokha. Nthawi yotsala ndinkayang'ana foni ikuwala ndi dzina la aNaphiri, osaiyankha. Tsiku la ankhoswe linali litatsala pang'ono, ndipo ndinkadziwa kuti ndikapitiriza kukhala chete adzaganiza kuti ndasintha maganizo.

Ndinawaimbira masana ena, bandeji ili pakhosi. Ndinafotokoza kuyambira pachiyambi. Nditamaliza anandifunsa:

“Bambo Mwale, kodi ndinakuuzani kuti ndikukwatiwa ndi chibwano? Ndaika kale mwamuna mmodzi m'manda. Mumafuna ndiike wachiwiri asanandikwatire n'komwe?”

Anati za jakisoni akhoza kundikhululukira, koma za masiku amene sindinkayankha foni ziwatengera nthawi kuti akhululuke. Anauza amalume awo ku Mchinji kuti ndadwala khosi, ndipo anapempha kuti tsiku lisunthidwe. Za jakisoni sanawauze.

Ankhoswe anakumana nditatuluka m'chipatala. Netiweki ya kumudzi inavuta, vidiyo inakana, ndipo anangokambirana pa mawu. Monga mwa mwambo, oyankhula anali ankhoswe okhaokha. Ine ndinangopereka moni. Palibe amene anaona nkhope yanga.

Lero ndili bwino. Ndinabwerera pa ntchito, ndimameza popanda vuto, ndipo dzanzi limene linatsala pansi pa chibwano likutha pang'onopang'ono. Chipsera chilipo. Nditapita kukaonedwa komaliza, dokotala anati ngati ndikufunabe kumaliza majakisoni ndidikire miyezi ingapo, ndipo ndipite kwa dokotala wa ku kiliniki amene anandibaya poyamba. Ndinathokoza, koma sindinabwerereko. Ukwati wathu unadalitsidwa chaka chotsatira.

Sindikuweruza aliyense amene akufuna chithandizo chimenechi, poti inenso ndinachifuna. Ndikungopempha kuti tsiku la jakisoni wotsatira alisankhe dokotala ataona khosi lanu, osati phwando kapena msonkhano umene mukuthamangira. Kutupa kwa masabata oyamba sikutanthauza kuti mankhwala alephera. Koma pakatentha, pakafiira, kapena kumeza kukayamba kuwawa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukanene zoona pa funso loyamba. Kunena zoona kunanditengera mphindi zochepa. Kubisa kunatsala pang'ono kunditsekera mpweya.