Dothi Lolemera la Pius Miti

Anthu a ku Kabwe amene amagula mbande za tomato pamsika wa Kamushanga amamudziwa Pius Miti ngati mlimi, koma munthuyu anafika zaka makumi anayi asanagwirepo khasu, kupatula la kumanda. Anabadwira m'komboni ya mgodi. Bambo ake anachoka ku Katete ali mnyamata n'kudzalowa ntchito mumgodi wa mtovu, ndipo mwanayo atakula anangolowa pakhomo lomwe bambo ake anatulukira. Zaka khumi anazithera pansi pa nthaka. Msana utayamba kuvuta anamuika pa lamba, pomwe miyala yochokera pansi inkadutsa kuti anthu asankhe yachuma ndi kutaya yachabe.

Pa lamba paja ndi pomwe Pius anatchuka. Anzake ankayang'ana mtundu wa mwala, iye ankangounyamula n'kuumva m'dzanja. Wolemera ndiye wachuma, wopepuka ndi wotaya, ndipo sankaphonya. Chizolowezicho chinamutsatira mpaka kunyumba. Buledi ankamuyesa m'dzanja, kabichi chimodzimodzi, nkhuku yamoyo ankaikweza ndi kuitsitsa mpaka wogulitsa kutopa naye. Mkazi wake Eness ankauza anzake a m'kwaya kuti nayenso anakwatiwa chifukwa pa atsikana onse a pa tchalitchi, wonenepa anali iyeyo.

Banjali linakhala zaka khumi ndi chimodzi lopanda mwana. Eness anapemphera manovena mpaka mawondo kuchita zipsera, abale a Pius akunong'ona zoti apeze mkazi wina. Kenako kunabadwa Prudence. Mwanayo anali wolongolola, wofunsa chilichonse, ndipo bambo ake sankatha kumukaniza kanthu. Kuyambira pamenepo dzina la Pius linazimirira m'nyumbamo, anasanduka Bashi Pru, kutanthauza bambo a Pru, monga aitanirana anthu a m'tauniyi.

Mgodi unatsekedwa mu 1994, Prudence ali ndi zaka ziwiri. Anthu sanakhulupirire. Amuna ena anapitiriza kudzuka m'mamawa n'kuvala majombo, kenako n'kukhala pakhonde atagwira tsaya. Ena anakwera malole kubwerera kumidzi imene ankangoimva dzina, ena anayamba kutola zitsulo pa mitumbira ya zinyalala za mgodi. Pius anasamutsa banja lake kupita ku komboni ya Makandanyama, m'nyumba ya zipinda ziwiri, n'kuyamba kusaka ntchito yaulonda.

Ntchito sanaipeze, koma pa famu ina ya m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka anaona chinthu chimene chinamukhala mumtima. Inali nyumba ya pulasitiki, m'kati mwake tomato wofiira psuu, pomwe kunja mvula inali itawoletsa tomato wa aliyense. Wantchito wa pafamupo anamuuza zinthu zitatu: mbewu uzifesa m'timabokosi, uziika pamalo otetezeka kufikira mbande zitalimba, ndipo dothi lizikhala losefa bwino. Pius anagwedeza mutu ngati wamva zonse. Za mtundu wa dothi sanafunse, poti munthu amene wakhala zaka makumi awiri akulimbana ndi miyala angafunse kamnyamata ka pafamu za nthaka? Safunsa anadya phula.

Chaka chotsatira, m'nyengo ya mphepo ndi fumbi, anamanga nyumba yake ya pulasitiki kuseri kwa nyumba, ndi mapaipi akale ndi waya. Inali yopendekeka ndi yopanda chitseko, koma inaima. Anasonkhanitsa mathireyi a mazira, zitini za mafuta ndi mabokosi a sopo. Chotsala chinali dothi, ndipo anayamba kulisaka monga momwe ankadziwira.

Dothi la pabwalo pake analinyamula, n'kulitaya. Mnzake wina anamupatsa ndowe za ng'ombe zowola bwino, zimene mlimi aliyense akanazilandira ndi manja awiri, koma Pius anazimva m'dzanja zili pepuu, nati n'zopanda kanthu m'kati. Anayenda ndi wilibala masiku atatu. Tsiku lachinayi anafika pa ngalande yakale imene inkatulutsa madzi a mumgodi. Inali itauma, ndipo pansi pake panali matope akuda, osalala, onyezimira pang'ono padzuwa. Atatapa chikhatho chimodzi, dzanja linatsika lokha. Anaseka yekha pamenepo. Dothi lolemera chotero anali asanaligwirepo, ndipo anabwerera kangapo mpaka mulu unakwana.

Panja mphepo inkaulutsa dothi losalalalo, choncho anaganiza zosefera m'nyumba. Anatenga sefa ya ufa ya Eness.

"Bashi Pru, iyi ni nyumba olo ni munda?" anafunsa Eness, akutsokomola. "Na sefa yanga futi?"

"Nizakubwezela, osada nkhawa," anayankha Pius. "Panja nkhuku za ba neba zizasiliza vonse, na zuba izaocha. Ni masabata yanayi chabe."

Atamaliza kusefa, sefayo anaimenyetsa pabondo kawiri n'kuibweza pa msomali. Mabokosi anawandandalika pansi m'chipinda chogona, chifukwa zenera lake ndi lomwe linkalowetsa dzuwa la m'mawa. Malo otsala anali a bedi ndi kamphasa ka Prudence. Fumbi lakuda linakhala pa mabulangete, pa makapu, pa chithunzi cha Maria Woyera. Eness ankapukuta m'mawa, masana n'kupeza labwerera.

Prudence ndiye anakondwa. Ankatsatira bambo ake ndi kakapu ka madzi, akuwerenga timabokosi mosokoneza. Dothi likanyowa linkanunkhira, ndipo mwanayo ankalowetsa chala n'kunyambita. Eness akamukalipira, Pius ankati asiyeni, ana onse amadya dothi, ifenso tinadya ndipo tili moyo.

Mbewu zinamera. Sizinali zonenepa monga za pafamu paja, koma zinali zobiriwira, mizeremizere, ndipo anthu oyandikana nawo ankabwera kudzasuzumira pazenera. Kwa nthawi yoyamba chitsekereni mgodi, Pius ankayenda mumsewu mutu uli m'mwamba. Anali wonyada, ndipo palibe akanamudzudzula.

M'sabata yachitatu Prudence anayamba kukana chakudya. Ankagwira pamimba akulira, kuchimbudzi osapita, ndipo mwana wolongolola uja anangoti zii. Anamupatsa mankhwala a njoka zam'mimba, osasintha. Anamupatsa a malungo, osasintha. Lamlungu lina m'mawa, atangobwera ku Misa, Eness akumuvula nsapato, mwanayo anasanza, maso n'kutembenuka, n'kugwa chagada thupi lonse likunjenjemera. Eness anakuwa mpaka anthu a kuseri kwa nyumba anathamangira. Pius anangoima pakhomo. Woyandikana nawo wina ndiye anamuika Eness panjinga, mwana ali kumbuyo, kupita kuchipatala.

Madokotala anayeza malungo, sanawapeze. Masana a tsiku lachiwiri Eness anatuma mwamuna wake kunyumba kukatenga zitenje ndi zovala za mwana, ndipo Pius anatsagana ndi Dailes, mnzake wa Eness wa m'kwaya. Dailes anali namwino pa kiliniki ya mgodi kwa zaka zambiri, ndipo nayenso ntchito inamuthera pamodzi ndi enawo.

Atalowa m'chipinda muja, Dailes anaima. Anayang'ana mabokosi, anayang'ana kamphasa kali pakati pawo, kenako anapaka chala pazenera n'kuchiyang'ana.

"Ba Miti, iyi doti munaitenga kuti?"

"Ku kanalo ya maini," anatero Pius, kunena ngalande ija, ndipo ngakhale pa tsiku ngati limenelo mawu ake anali ndi kakunyada. "Ni yabwino maningi. Igwileni mumvele weiti."

Dailes sanaigwire. Anagwira pakamwa ndi manja onse awiri n'kukhala pa bedi.

"Mayo ine! Mwana agona apa? Pa iyi doti?"

"Apa pamene. Nanga vavuta ni vichani?"

"Ba Miti, iyi ni ledi. Mwaleta ledi mu nyumba, mwaika pa mutu pa mwana."

Pius anakana. Za ledi, womwe ndi mtovu, ankazidziwa, sanali mlendo. Anakumbutsa Dailes kuti amene ankadwala anali a ku ng'anjo yosungunulira miyala, amene ankapuma utsi, ndipo n'chifukwa chake ankapatsidwa mkaka. Poizoni anali mu utsi, ndipo utsiwo unatha tsiku lomwe mgodi unatsekedwa. Analankhula mofulumira, mokweza, ngati munthu amene akudziteteza pabwalo la milandu.

Dailes anamusiya amalize. Kenako anafunsa motsitsa mawu.

"Manzi yamene yanali kusuka myala yanali kupita kuti? Si mu kanalo? Imwe ndimwe munali pa belti zaka zonse zija. Niuzeni imwe, nichani chamene chipangisa mwala kunkhala na weiti?"

Pius anayang'ana dzanja lake. Yankho ankalidziwa kuyambira ali mnyamata. Linali m'dzanja lake lomwe, ndipo dzanjalo silinaname ngakhale pa ngalande paja. Linamuuza zoona kuti m'dothimo munali mtovu wambiri, iye n'kumva kuti munali chonde. Anayang'ana msomali pomwe panapachikidwa sefa, nakumbukira phala la mwana la m'mawa uliwonse kwa masabata atatu. 

Kenako anayamba kunyamula mabokosi ngati wamisala, mbande zikugwa n'kupondedwa. Anafika nalo bokosi loyamba pakati pa bwalo n'kuima. Akalitaya pabwalo, ana a anthu amasewera pomwepo. Kudzala la zinyalala, nkhuku zimapalasa. Anafunsa Dailes kuti alitaye kuti.

"Bwezani kwamene munaitenga," anatero Dailes, n'kuloza pabwalo. "Koma musaganize ati pa lubanza panu ni pa bwino. Iyi fumbi ya mu miseu nayeve ili nayo. Kale tinali kupima magazi ya bana. Manje nindani apima?"

Pius anayang'ana msewu. Mphepo inali kuulutsa fumbi, ana akuthamangitsana m'menemo opanda nsapato, amayi ena atayanika chimanga pamphasa. M'tauni imeneyi anabadwiramo, anakwatiramo, bambo ake anaikidwamo, ndipo anali asanaiopepo mpaka masana amenewo.

Dailes anathamangira kuchipatala kukauza dokotala. Magazi atayezedwa, zinapezeka monga ananenera. Prudence anakhala m'chipatala masabata atatu akulandira mankhwala, ndipo masiku onsewo Pius anali akukankha wilibala kubweza dothi ku ngalande, akukolopa nyumba, akutentha mphasa ndi mabulangete. Sefa anaiphwanya ndi nyundo. Nyumba ya pulasitiki inangokhala yopanda kanthu, mphepo ikuing'amba pang'onopang'ono. Eness sanamutukwane ngakhale kamodzi, ndipo Pius ankalakalaka akanamutukwana.

Mwanayo anapulumuka. Koma anatuluka wowonda, woyenda mopepera, ndipo mawu ake ambiri aja anatsala ochepa, otuluka movutikira. Dokotala ananena mosabisa kuti sangalonjeze kuti zonse zidzabwerera, ndipo kuti mwanayo asabwererenso m'fumbi lomwelo. Eness anaganiza zopita naye ku Katete, kwa azakhali a Pius. Pius anayenera kutsala kuti asunge nyumba ndi kusaka ganyu woti aziwatumizira kanthu, poti kumudziko analibe munda ngakhale khasu.

M'mawa wa tsiku la ulendo anasamba m'manja ndi sopo, kenako ndi phulusa, kenako ndi mwala wotsukira mapazi mpaka khungu kutuwa. M'zikhadabo ndi m'ming'alu ya zikhatho munatsalabe timizere takuda. Mwina linali dothi lija, mwina linali la zaka zonse za mumgodi, iye sakanatha kusiyanitsa. Katundu ananyamulira pamutu ndi paphewa mpaka pa siteji ya basi.

Basi itatsala pang'ono kunyamuka, Eness anamasula chitenje n'kumutembenuzira mwana kutsogolo kuti atsanzike. Prudence anayang'ana bambo ake kwa kanthawi, kenako anatambasula manja onse awiri.

"Tata," anatero.

"Munyamuleni, Bashi Pru," anatero Eness. "Mwasamba. Munyamuleni chabe."

Pius anabisa manja kumbuyo n'kuwagwirana zolimba. Anawerama kuti nkhope yake ifike pafupi ndi ya mwanayo, namuuza kuti akamvere amayi, akadye zambiri, iye abwera Khirisimasi. Prudence anapitiriza kutambasula manja, n'kuyamba kulira. Kondakitala anamenya chitseko kuti anthu akwere. Eness anamuyang'ana mwamuna wake misozi ili mbwee, n'kukwera.

Pazenera mwanayo anali akadatambasula manja. Pius anathamanga m'mbali mwa basi mpaka pa mphambano, manja ali kumbuyo, anthu akumuyang'ana modabwa.