Chaka Chomwe Onse Anakhoza

Nthawi imene ndinkaphunzira masamu a ziwerengero pa yunivesite ku Pretoria, ndinkakhala ndi mng'ono wanga m'kachipinda ka lendi ku Sunnyside. Amayi anamutumiza ku Joni kuti adzalembe matiriki, mayeso otsiriza a sekondale. Mtsikanayu sanali wanzeru zodabwitsa, koma khama anali nalo.

Sukulu yake sinali ya boma, inali pamwamba pa mashopu. Ahedi anali bambo wokonda tayi ndi magirafu a zotsatira za mayeso. Pa msonkhano wa makolo ankaloza mizere yokwera ndi kandodo, mimba ili patsogolo, ife n'kumaomba m'manja ngati tili pa ukwati.

Nthawi yolembetsa mayeso itayandikira, anandiitanitsa.

"Sisi wanuyu sanapse," anatero. "Eish, timamukonda. Apume chaka chino, kapena akalembetse payekha kwina."

"Abambo, mwana akufuna kulemba. Kulephera akalepherere m'mayeso momwemo."

"Nanga mbiri ya sukulu?"

Apo m'pamene ndinatulukira. Pa benchi ya kunja kwa ofesi panali ana ena ndi makolo awo, onse a malikisi otsika. Bamboyu ankapeta ana ngati mpunga, madeya n'kutaya kuseri.

Mphunzitsi wathu wa ku yunivesite ankati kuganiza mwa ziwerengero si kudziwa kuphatikiza manambala ayi, koma kufunsa kuti awerengedwa ndani, nanga asiyidwa ndani. Ahediwo phunziro limeneli ankalidziwa kuposa ine, kungoti ankadyera pomwepo. Ndinawanyoza kuyambira ku tayi mpaka ku nsapato, ndipo mpaka lero ndimawanyozabe. Koma chipongwe changa sichinalembetse mwana. Pomwe tinkathamangira kwina, tinapeza atatseka kale kulembetsa.

Mng'ono wanga sanalire. Anapinda yunifolomu n'kuiika pansi pa sutikesi. Mayi wina wa kutchalitchi anamupezera ntchito ya m'nyumba, akuti yongogwirizira mpaka chaka chamawa. Chaka chamawacho sichinabwere.

Zotsatira zitatuluka, tinadutsa pa sukulupo m'mawa wina ndikumuperekeza kokwerera takisi. Pakhoma anapachika chinsalu chachikulu cholengeza kuti onse akhoza, ndipo makolo atsopano anali atandanda kale pa masitepe. Ndinafuna kulavula.

Iye anaima, nawerenga mpaka kumapeto.

"Sananame, achemwali," anatero. "Onse akhozadi."

Kenako anakoka chikwama chake cha epuloni. "Tiyeni, adona sakonda wochedwa."