Nsungwi Zisanu ndi Ziwiri m'Galimoto ya Armindo

Armindo wa ku Cassacatiza wakhala akunyamula anthu pa msewu wa kumalire kwa zaka khumi ndi zisanu, ndipo galimoto yake yoyera ija anthu amaidziwa kulira kwake isanatulukire n'komwe. Yanyamula amayi apakati, mbuzi, matumba a chimanga, maliro awiri ndi akwatibwi osawerengeka. Koma chaka chatha, sabata yoti mwana wake yekhayo wamkazi, Dulce, akwatiwe, galimotoyo inaganiza zomuvula pagulu.

Nsalu ya kudenga inali itamatuka. Dzuwa linapsereza siponji ya m'kati, nsaluyo n'kulendewera ngati mimba ya ng'ombe, ndipo galimoto ikangogwa m'dzenje kunkayoyoka fumbi lachikasu lonanda. Okwera masiku onse ankangosasa m'mutu n'kumaseka. Nanga mkwatibwi wovala zoyera asasa bwanji? Lolemba, azakhali a mkwati, mayi Abigaeli, anasuzumiramo, nanena mwaulemu wopweteka uja kuti asavutike, mlamu wawo ali ndi galimoto yabwino.

Apa ndiye panamuwawa Armindo. Mukudziwa inu, pa ukwati kwathu kuno bambo alibe mawu. Zokambirana ndi za ankhoswe, malangizo ndi a anamkungwi, mwana ndi wa amalume ake. Iye chake chinali chimodzi basi, kumuyendetsa mwanayo kuchoka pakhomo kukafika kutchalitchi. Ana a eni anawanyamula onse, ndiye wakeyo akwere ya mlamu wa munthu?

Okonza madenga a galimoto ali ku Tete, kutali, ndipo mtengo wake si wa munthu amene wangogula kumene mbuzi zaphwando. Choncho anayamba ndi kola, guluu wa osoka nsapato uja. Inagwira m'mawa, masana n'kutaya, kungotsala fungo. Anayesa mapini. Pini ina inagwera pampando n'kubaya mkazi wake Josefina, ndipo zimene analankhula mayiwo sizonena pano. Lachitatu mnzake wina anamukumbutsa nzeru ya kusukulu, yomatira mapepala pakhoma ndi phala la chinangwa. Armindo, munthu wamkulu ndi ndevu zake, anatereka phala napaka denga lonse. Kutacha anapeza nyerere zili bii, zitaitana ndi abale awo omwe, nsalu ili lende kuposa kale.

Zonsezi apongozi ake, bambo Yonasi, ankaziona ali patsinde pa mango pamene amalukira malichero, poti Armindo ndi mkamwini pamudzipo. Mkuluyu luso la nsungwi analiphunzira ku Zambia, atathawa nkhondo ndi ana asanu, ndipo malichero ndiwo anadyetsa banjalo mpaka kubwerera kwawo. Armindo ankawalemekeza, inde, kuwaombera m'manja ndi kuwapatukira panjira, koma mumtima ankati ntchito yawoyo inatha ndi mabeseni apulasitiki. Za galimoto angadziwe chiyani munthu wosapalasa ngakhale njinga?

Mkuluyo sanafune kulangiza mkamwini pamaso pa anthu. Anatuma Josefina kukapempha kiyi, ati akufuna akhalemo pang'ono aone pamene mdzukulu wawo adzakhale. Armindo anapereka, iye n'kuuyamba wapansi kukauza mayi Abigaeli kuti abweretse galimoto ya mlamu wawo ija. Anafika mpaka pamjigo, nyumba yawo akuiona apo, n'kuima pomwepo. Anakhala pamwala nthawi yaitali, kenaka anabwerera osafika kwa mayi Abigaeli.

Pakhomo anapeza zitseko zonse za galimoto zili zotsegula. Siponji yofumbwa ija inali itapalidwa ndi zitsononkho za chimanga, Josefina atachapa nsaluyo n'kuiyanika pa udzu. Apongozi anali atang'amba nsungwi mopyapyala, ataziviika m'madzi ndi kuzisalaza ndi mpeni kuti pasakhale kokola chovala. Nsalu itauma anaibwezera, akuyeza ndi chikhatho. Nsungwi iliyonse ankaipinda ngati mkombero wa lichero, n'kulowetsa nsonga zake m'mpata wa pamwamba pa zitseko, uku ndi uku. Zinalowa zisanu ndi ziwiri, nsalu n'kukhala thaa.

"Nsungwi saikakamiza, bambo a Dulce," anatero mkuluyo osatukula mutu. "Muidule motalikirapo pang'ono. Ikamafuna kuwongoka, ndiyo ikukukankhirani nsalu m'mwamba."

Armindo anamenya denga ndi chibakera kuti aone. Sipanagwe kanthu. Anachita manyazi kwambiri, ndipo zikomo amene ananena tsikulo anali wapakhosi, mwiniwake yemwe anadziwa kuti sanakwane.

Loweruka anayendetsa mtima uli m'mwamba. Msewu wa kutchalitchi ndi maenje okhaokha, ndipo dzenje lililonse ankalilowa akumvetsera kudenga. Kumbuyo Dulce anali phee pakati pa anamkungwi, mutu ataweramitsa monga mwa mwambo. Atafika, mayi Abigaeli anali kale pakhomo pa tchalitchi, maso ali pa galimoto.

Armindo anazimitsa injini natuluka, koma sanapite kukatsegula chitseko. Analunjika pamthunzi pamene panakhala apongozi ake, omwe anali atatsogola wapansi m'mamawa. Anagwada m'fumbi ndi suti yake yomweyo, anthu onse akuona, naomba m'manja mofukusa.

"Bambo, mwandiveka. Ndinakupeputsani ine."

"Dzukani, mudetsa suti," anayankha mkuluyo. "Katsegulireni mwana, akupsa m'galimotomo."

Armindo anathamanga, mawondo ali mbuu. Atatsegula, nthungululu zinalira, ndipo Dulce anatsika ali mbee, atagwira dzanja la bambo ake.