Mafuta a Usipa pa Bampala ya Malume

Zipani zambiri zitangoyamba kumene, malume anga a ku Ngala anagula kagalimoto kakale. Bampala ndi timizere ta pulasitiki ta m'zitseko zinali zitachita mbuu ndi dzuwa, chonsecho Loweruka kanayenera kunyamula mwana wawo wamkazi pa ukwati wake.

"Zisiyeni m'manja mwanga, malume," ndinatero. "Ndili ndi mankhwala a ku Joni."

Mankhwalawo anali mafuta otsala pokazinga usipa, amene ndinathira m'kabotolo ka pefyumu. Nditapaka ndi sokosi, pulasitiki inada bii, n'kumawala. Malume anaitana aneba kudzaona. Atafunsa za fungo, ndinati ndi mphepo ya kunyanja.

Loweruka m'mawa kunabwera nkhungu, timaudzudzu ta m'nyanja tija, n'kumatirira ponse pamene ndinapaka. Mkwatibwi potsika m'kagalimotoko pa tchalitchi, diresi lake loyera linakhudza chitseko, n'kutengako mzere wakuda pantchafu. Analira. Ine ndinawerama n'kumamanga chingwe cha nsapato chomwe chinali chomanga kale.

Malume mlandu anaupereka kwa nkhungu. Mpaka lero akandiona amati, "Mphwanga, mankhwala aja sungaitanitsenso?"

Ndimawayankha kuti fakitale yake inatsekedwa.